Barnaba Atatu M'kaundula Mmodzi

Pa chiphaso ndinali nkhalamba yoyendera ndodo. Pankhope ndinali mnyamata wosakwatira. Kapitawo amene anandilemba ntchito ku Germiston anayang'ana chithunzi, nayang'ana ine, nabwereranso pa chithunzi.

"Barnaba," anatero, "anthu a kwanu mumakalamba bwino. Mumadya chiyani?"

"Utaka, bwana."

"Uyambe mawa."

Ankadziwa. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa pambuyo pake onse anadzachita kutong'ola maso ngati amva zachilendo. Munthu wa chiphaso chobwereka sadwala, sapita ku bungwe la antchito, ndipo ukamuuza kuti abwere Lamulungu amangofunsa kuti nthawi yanji. Bwana wanji angakane wantchito wotere?

Dzina langa si Barnaba. A Barnaba eniake ndi a ku Yofu, mudzi wina wa pachilumba chathu, malume awo a mayi anga, ine ndimati agogo. Anapita ku migodi ndisanabadwe, ndipo anachita mwayi wopeza chiphaso chenicheni cha kumeneko, kabuku kobiriwira ka nambala yaitali. Chifuwa chitawatopetsa anabwerera kumudzi, koma chiphasocho sichinatope nawo. Pa banja pathu chinasanduka ngati bwato la makolo: saligulitsa, ndipo mbale samukaniza. Wofuna ku Joni ankapita ku Yofu ndi mayi ake kukagwada, agogo n'kumulowezetsa nambala ija pamtima ngati katekisimu, n'kumupatsa pepala lojambula la chiphasocho. Lamulo linali limodzi lokha: Barnaba awiri asagwire ntchito pa kampani imodzi. Limenelo tinkalisunga bwino kuposa khumi aja a m'tchalitchi.

Ine kwathu ndi ku Mbungo, pachilumba pomwepo. Ndisanapite ndinkagula utaka wouma kwa asodzi n'kumasinthanitsa ndi nkhuni ndi mpunga wa amalonda a kutsidya. Ndinali ndi mbiri. Amayi ena a mumsika wa Chipyela akandiona ndikubwera ankavundikira katundu, ati ukangoyankha moni wa ameneyu ndiye kuti wagulitsa kale. Choncho ndinakwera sitima ndi malaya awiri ndi dzina la munthu wina, ndikuganiza kuti Joni nayenso ndi msika basi, wongokula.

Ku hositelo tinkagona asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Mmodzi yekha ndiye ankaitanidwa dzina limene mayi ake anamupatsa, ndipo tinkamuseka kuti ndi wosauka, ali ndi dzina limodzi. Ntchito yanga inali yopakira makatoni m'malole. Mwezi wa Juni zala zinkauma mpaka kulephera kumanga mabatani. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi kudzera kwa madalaivala a mabasi, mayi n'kuyankha kuti mabulangete afika koma nsapato zachepa.

Kumakompyuta ndinalowa chifukwa cha pakamwa pangapa. Pa kampanipo panali mzungu woyang'anira makompyuta, dzina lake Piti, wamimba, wosakonda kugwada. Tsiku lina anandiitana kuti ndimunyamulire mawaya kwa wogulitsa wina. Nditamva mtengo umene Piti ankafuna kulipira, mtima unandiwawa ngati ndalamazo ndi zanga. Ndinalowerera. Tinachoka pamenepo ndi mawayawo, kuwonjezera kabokosi ka zomangira, wogulitsayo akutukwana m'chinenero chake. Mawa lake Piti anakandipempha kwa kapitawo.

Poyamba ndinali mawondo ake: kukwawa pansi pa madesiki, kukoka mawaya m'denga. Kenaka ndinakhala miyendo yake, kenaka zala zake. Palibe anandiphunzitsa. Ndinkaima kumbuyo kwake ndi kapu ya khofi, maso pa galasi, ndikumalemba m'kope zonse zimene wagogoda. Zitatha zaka zisanu, zinthu zikavuta anthu a mu ofesi ankaimba foni n'kunena kuti, "Piti, tatumizani Barnaba."

Mtima wa ntchito yathu unali seva, kompyuta yaikulu yosunga makalata a imelo a kampani yonse. Inali ndi chipinda chake chozizira, chosesedwa bwino kuposa mmene tinkagona ife. Seva ilibe zithunzi zodina ngati makompyuta a m'maofesi. Ndi galasi lakuda bii, kachizindikiro kakuphethira pakona. Umalemba lamulo ndi zala, kumenya batani lalikulu, iyo n'kuyankha mzere umodzi. Ikakhutira siyankha n'komwe. Imalankhula pokhapokha ikakana.

Ndiye eni kampani anakhuta, nagula makampani ena awiri a malole, ina ku Kempton Park, ina ku Durban. Ananena kuti tsopano ndife banja limodzi, choncho makalata onse akhale pa seva imodzi yatsopano, ndi kaundula mmodzi wa antchito onse. Aliyense wa m'kaundulamo azidziwika ndi nambala ya chiphaso chake.

Lachisanu masana Piti anandipatsa fayilo ya mayina a makampani atatuwo ndi kapepala ka lamulo lolowetsera.

"Mawa ulowetse zonsezi. Lolemba m'mawa aliyense apeze makalata ake. Zikapanda kutero abwana akulu andidya ine, ine ndidya iwe."

"Nanga inu mukhala kuti, bwana?"

"Kuli mpira wa ragibi."

Loweruka m'mawa ndinakhala pa mpando wa Piti, ndinavula nsapato, ndinalemba lamulo lija. Seva inakana: mawu achinsinsi olakwika. Piti anali atalemba a seva yakale. Atsopano ndinawapeza pomwe ankabisa zonse, kunsi kwa kiyibodi. Ndinayesanso. Inakananso, ati nthambi ya Durban kulibe. Apo ndinamvetsa, sungalowetse anthu m'nyumba imene sunamange. Ndinayamba ndalemba nthambi zitatuzo, kenaka anthu. Mayina anayamba kutsika pa galasi ngati usipa ukukhuthulidwa. Anthu a ku Germiston analowa onse, ine ndemwe ndili momwemo. Ndinayamba kuimba mluzu.

Itafika pakati pa mayina a ku Kempton Park, inaima. Mzere umodzi: nambala iyi ilipo kale.

Ndinati mwina kalaliki wina analemba munthu kawiri, zimachitika. Ndinatsegula fayilo, ndinapita pa mzere umene inatchula. Manambala atatu oyambirira ndinawawerenga ndi maso. Otsalawo pakamwa panamaliza pokha.

Barnaba, wosunga sitolo ya zipangizo, Kempton Park. Amenewo anali amalume anga a Sitefano, mlongo wawo wa mayi. Ndinalemba lamulo lofufuza nambalayo m'fayilo yonse, ndikupemphera kuti ituluke kawiri kokha. Inatuluka katatu. Barnaba, kalaliki wa pa geti, Durban. Ameneyo anali Yohane, mwana wa amayi anga aang'ono. Ndinkadziwa kuti onsewo ali pa makampani a malole, koma mayina a makampani ogulidwawo ndinali ndisanawalumikize ndi abale anga. Lamulo la agogo sitinaliswe ife. Makampani ndi amene anayenda n'kudzakumana.

Tsono ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinayamba kunenerera ngati pa msika.

Choyamba ndinachotsa nambala pa mzere wa amalume kuti alowe opanda. Seva inati munthu wopanda nambala salowa. Ndinasintha nambala imodzi yapakati. Inati nambala yotere kulibe, pakuti yomalizira imayenera kugwirizana ndi zinzake, ndipo iyo imawerengetsa yokha. Ndinayang'ana m'kope langa ndipo ndinapeza kachilembo kamene ukawonjezera pa lamulo seva imadumpha okanidwa n'kupitirira. Chala chinali kale pa batani pamene ndinakumbukira kumene okanidwawo amapita. Amalembedwa m'fayilo yapadera, ndipo fayiloyo Piti anayenera kukaipereka Lolemba kwa mayi wa mu ofesi ya antchito, pamodzi ndi chifukwa chokanidwira. Mayiyo akanatha kutseka maso pa Barnaba mmodzi. Atatu pa pepala limodzi, la siginecha yake, ndiye kuti foni ku polisi.

Ndagulapo zinthu kwa Amwenye, kwa Asomali, kwa amayi a kutsidya ku Kobwe amene amakuwerengera nkhuni ngati akuwerenga ana awo. Onsewo ali ndi penapake pofewa. Ukawafunsa za matenda a kunyumba mtengo umatsika. Chinthu ichi chinalibe kunyumba. Ndinachitukwana m'Chinyanja, chinangophethira.

Masana ndinakhoma chipinda, ndinakwera minibasi kupita ku Tembisa kumene amalume ankachita lendi. Ndinawapeza akupukuta nsapato za kutchalitchi. Ndinafotokoza zonse pang'onopang'ono.

"Mwachidule, amalume, makina akufuna Barnaba mmodzi."

"Ndiye wamupeza. Ndine."

"Ndalowamo kale ine."

"Tuluka."

"Amalume, ndikatuluka ine, adzakonza makinawo ndani?"

"Pamene ine ndimabwera kuno iwe umayenda wopanda kabudula. Kabuku kenikeni kali m'sutikesi mwangamu. Iwe uli ndi pepala. Ukufuna tifanane?"

Tinaimbira Yohane, foni tinaiika pa tebulo kuti timve tonse. Anayamba ndi kuseka, akuyesa nthabwala. Atamvetsa anasiya kuseka.

"Achimwene, mlamu wanu ndi woyembekezera. Mwezi wamawa."

"Ndikudziwa."

"Si inu mumati makinawo amakumverani? Pa Khirisimasi munkatiuza kuti mzungu sangatsegule popanda inu."

"Ndinali nditamwa."

"Ndiye mwaninso, mukonze."

Amalume anati nkhaniyi yaposa msinkhu wathu, akagamule mwini dzina. Nthawi imeneyo mafoni am'manja anali atangofika kumene pachilumba. Tinaimbira mayi wina wa golosale ku Chipyela kuti mawa akatuluka m'tchalitchi awaimitse agogo.

Lamulungu tinaimba. Agogo ankakuwa pa foni ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja.

"Wati makina akana dzina langa?"

"Sanakane, agogo. Akuti lilowe kamodzi."

"Wawauza kuti mwini wache ali moyo?"

"Samva zimenezo, agogo."

"Ine nagwira ntchito na wazungu zaka zambiri. Palibe chinthu chosamva. Wapita chimanjamanja iwe."

"Agogo, ndi kompyuta."

"Basi, wamkulu akhale. Sitefano ni wamkulu. Ana inu muone pogwira. Ndipo uwauze amako kuti nkhuku ija yafa."

Foni inaduka. Amalume anavala jekete n'kunena kuti mlandu watha.

Ndinabwerera ku Germiston masana omwewo. Ndisabise: m'minibasimo ndinaganiza zoipa. Kiyibodi inali m'manja mwanga, osati mwa amalume. Ndikanatha kufufuta mizere iwiri ya amalume ndi Yohane m'fayilo, ndekha n'kutsala Barnaba, seva osakana kanthu. Iwo akanangoona makalata asiya kubwera, mabwana awo n'kuyamba kufunsa, ine n'kumati makina ndi ovuta. Chimene chinandiletsa si chikondi ayi. M'maganizo ndinaona mayi anga akuyenda kupita ku Chipyela, njira yake yodutsa pakhomo pa amayi aang'ono. Pachilumba palibe njira yozemba munthu.

Ndinatsegulanso fayilo ija, n'kumangoyenda nayo mzere ndi mzere ngati munthu wofufuza ndalama m'thumba lobooka. Kumapeto kwenikweni, anthu atatha, ndinapeza mizere ina. Chipinda cha misonkhano chinali ndi bokosi lake la makalata. Makina a fakisi analinso nalo. Printa ya mu ofesi ya abwana akulu inali nalo. Zonsezi zinalembedwa m'gulu la zipangizo, ndipo pamalo pa nambala ya chiphaso panalibe kanthu. Seva sinkafunsa chiphaso kwa printa.

Ndinaimirira n'kuvina ndekha m'chipinda chozizira chija, wopanda nsapato.

Ndinafufuta Barnaba wa ku Germiston amene anali atalowa kale. Amalume ndinawasiya mmene analili, munthu wathunthu ndi nambala yake. Yohane ndinamusamutsira ku zipangizo, ndinamutcha Geti Yachiwiri, Durban, makalata ake onse a ndandanda wa malole azifikira momwemo. Ine ndinadzitcha Printa ya Chipinda cha Seva. M'chipindamo munalibe printa, koma ndani akanabwera kudzawerenga? Ndinalemba lamulo, ndinamenya batani. Mayina anatsika, Kempton Park yonse, Durban yonse, zipangizo. Kenaka zii. Kachizindikiro kanabwerera pakona osanena kanthu.

Ndinaimbira Yohane. "Zatheka. Kuyambira mawa ndiwe geti."

"Geti?"

"Usafunse zambiri. Makalata azifika."

"Nanga inu?"

"Ine ndine printa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, ndinu mfiti." Mawu amenewo ndinawanyamula sabata yathunthu ngati mendulo.

Lolemba makalata anafika kwa aliyense. Abwana akulu anatsika okha kudzagwira Piti chanza, ati wagwira ntchito ya anthu atatu, wataya Loweruka ndi Lamulungu lake chifukwa cha kampani. Piti anaweramitsa mutu modzichepetsa, khosi lili lofiira ndi dzuwa la ku bwalo la mpira. Ine ndinali pambali ndi thireyi ya makapu.

Atachoka, Piti anayang'ana m'kaundula, nafufuza dzina langa. Anapeza wa ku Kempton Park. Anatsika mpaka ku zipangizo, anaima pamenepo nthawi yaitali, kenaka mimba yake inayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Barnaba, tili ndi printa muno?"

"Yabwino kwambiri, bwana. Siidya inki."

"Ine sindinaone kanthu," anatero, akupukuta misozi ya kuseka. "Wamva? Sindinaone kanthu."

Miyezi itatu inadutsa bwinobwino. Mwana wa Yohane anabadwa, wamkazi. Ndinayamba kuganiza kuti ndagula Joni yense pa mtengo wa utaka.

Ndiye anabweretsa zitseko zatsopano. Pa mageti onse a kampani anaika zitsulo zozungulira zotsegula ndi khadi, ndipo malipiro nawonso anati aziyendera khadi lomwelo. Makadiwo sanalembe ndi manja. Anawatulutsa kuchokera m'kaundula, aliyense wa m'gulu la anthu khadi lake. Ndinadziwa sabata imodzi zisanachitike, chifukwa lamulo lotulutsira mayinawo ndinalemba ndine. Ndinapita kwa Piti.

"Bwana, printa ilibe khadi."

"Printa siituluka panja."

"Bwana, ndikunena zoona. Zaka zisanu. Lankhulani ndi abwana akulu, andipezere chilolezo m'dzina langa. Ena amawachitira."

"Dzina lako liti?" Anafunsa ngati sakudziwa kuti pali lina, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonsezo sanafunsepo. Ndinamuuza. Sanalibwereze.

"Tamvera," anatero. "Ndikapita kumwamba ndi nkhani imeneyi, afunsa kuti analowetsa kaundula ndani. Pa pepala ndine. Ukufuna tichotsedwe tonse? Ndiwe wochenjera, upeza njira."

Njira sinapezeke. Lolemba lotsatira ndinaima kunja kwa mpanda ndi kabokosi kanga ka chakudya, anzanga akudutsa mmodzimmodzi, chitsulo chikulira. Mlonda amene ndinkamukonzera wailesi anayang'ana kumbali. Mayi wa mu ofesi ya antchito anatuluka ndi pepala, nati wafufuza paliponse, Barnaba wa pa kampani ino ali ku Kempton Park ndipo walowa kale ntchito m'mawa uno. Ananena zimenezi akundiyang'ana m'maso, mayi amene ndinamuphunzitsa kutumiza zithunzi za adzukulu ake. Ku Durban Yohane anaima kunja kwa geti yachiwiri, imene m'kaundula inali iye mwini.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si kuchotsedwa. Munthu wochotsedwa amaitanidwa mu ofesi, amapatsidwa mpando, amauzidwa cholakwa chake. Ife palibe anatichotsa. Palibe analemba kalikonse. Ndinadzifufuta ndekha, ndi zala zanga, tsiku Lamulungu lopanda malipiro, n'kuvinanso.

Patatha masabata awiri foni inalira ndili ku hositelo. Piti. Mawu ake anali okoma ngati a mlaliki. Kunabwera madalaivala atsopano, kaundula akukana kuwalandira, abwana akulu akufuna mayankho.

"Ikuti chiyani?" ndinafunsa.

Anandiwerengera. Ndinadziwa nthawi yomweyo: anawaika m'nthambi imene sanaimange. Magazi a ku msika anadzuka.

"Ndikudziwa pavuta, bwana. Koma printa sizilankhula ulele."

"Ukufuna chiyani?"

"Kalata. Ya chidindo cha kampani. Yonena kuti ndagwira zaka zisanu pa seva ya makalata, ndimadziwa kulowetsa kaundula, ndine wokhulupirika."

"Zimenezo zokha? Mawa ndilemba. Tanena msanga."

Ndinanena. Ine amene sindinaperekepo nsomba ndisanaone mpunga, ndinamuwerengera lamulo lonse chilembo ndi chilembo, mpaka ndinamva iye akupuma mwamphamvu kuti zalowa. Ndinkafuna amve kuti ndimadziwa. Kunyada kumatsitsa mtengo kuposa njala. Mawa lake sanayankhe foni. Mkuja wake chimodzimodzi.

Ndinayesa maganyu miyezi ingapo, koma nambala ija tsopano inali ndi mwini wake woopsa, amalume anandiletsa kuigwiritsanso ntchito. Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi imodzi ndi kope langa lija.

Yohane anali atafika kale ndi mkazi ndi khanda. Ankapita ku nyanja ndi eni maukonde. Tikakumana ankandipatsa moni wa mlendo. Amayi aang'ono sankayankha n'komwe. Anauza mudzi wonse kuti ndinasandutsa mwana wawo chitseko kuti ndikondweretse mzungu, ndipo kwa anthu amene sanaonepo seva nkhaniyo inkamveka ngati ya mankhwala. Ana ankandithawa. Kwa amalume a Sitefano kunkafika malata atsopano.

Chaka chotsatira ofesi ina ya boma ku Chipyela inalandira makompyuta. Anakhala m'makatoni mwezi wathunthu, chifukwa wowalumikiza anayenera kuchokera ku Mzuzu ndipo sankabwera. Ndinavala malaya abwino n'kupita. Bwana wake anali mlendo pachilumba, wochokera kumtunda. Ndinamufotokozera zimene ndingachite, ndinamuonetsa kope. Anamvetsera bwino.

"Zikumveka, bambo. Koma ndikufuna pepala loika m'fayilo. Akulu anga akadzafunsa kuti ndinapereka katundu wa boma kwa yani, ndidzawaonetsa kope?"

Ndikutuluka, mayi wa golosale uja anandiitana.

"Iwe, wamva za agogo ako? Alandira kalata ya ku Joni. Ayenda nayo paliponse. Sabata yatha anawerengetsa panja pa tchalitchi."

Ndinathamanga ulendo wonse wa ku Yofu. Piti anali atalemba ndithu. Kaya chikumbumtima chinamugwira, kaya anavutikanso ndi seva n'kundikumbukira. Analemba, nadinda, natumiza ku keyala imene inali m'mabuku a kampani, kwa munthu amene anali m'mabuku a kampani.

Ndinawapeza agogo pansi pa mlambe wa pakhomo pawo. Kalatayo inali m'buku la mapemphero. Anandilola kuiwerenga ili m'manja mwawo. Zonse zinalimo: zaka zisanu, seva ya makalata, kaundula, wokhulupirika, wophunzira msanga.

"Agogo, kalatayi ndi yanga."

"Palembedwa dzina la yani?"

"Lanu. Koma ntchitoyo ndinagwira ndine."

"Ine nakumba pansi zaka zonse zija, palibe mzungu walemba kuti ndine wokhulupirika. Lero walemba, iwe ufuna kulanda?"

"Agogo, kompyuta simunaionepo."

"Mzungu wanama?"

Ndinayesa zonse. Ndinatchula shuga, ndinatchula bulangete, ndinatchula kufolera nyumba. Ndinafunsa za chifuwa chawo. Anangotseka buku n'kulikhalira. Nditatopa ndinawauza za makompyuta a ku Chipyela, kuti bwana wake akufuna pepala, ndipo popanda pepalalo ndibwerera ku utaka. Anandiyang'ana, akutafuna nkhama.

"Wati afuna munthu wa kalata?"

"Eya."

"Ni mlendo?"

"Wa kumtunda."

"Ubwere mawa m'mawa. Usachedwe."

Ndinagona ndi chiyembekezo. M'mawa ndinawapeza atavala jekete la ku migodi, tayi, ndi nsapato zopanda masokosi. Kalata inali m'thumba la pachifuwa, atalitseka ndi pini. Pakhomo panali chikwama chawo chakale, chopanda kanthu, choti tiikemo kope langa ndi sikuludiraiva.

"Ntchito tikaitenga," anatero. "Ine nikasaina, iwe ukagwira mawaya. Tikafika usayankhule, niyankha ndine. Akafunsa, ndiwe wonithandiza."

"Agogo, zaka zisanu ndinali..."

"Nyamula chikwama."

Ndinayang'ana njira ya ku Mbungo, ndinayang'ana ya ku Chipyela. Iwo anali atayamba kale kuyenda, akutsokomola, ndodo patsogolo. Ndinanyamula.